Funso la azakhali ndi madera 9 a Indiana

Loweruka pa 6 December 2025 ndinanyamuka ku South Bend, mu state ya Indiana ku America, m'mamawa kupita ku Indianapolis pa nkhani ya maliro. Mnzathu wina wa kwathu anali atatisiya, ndipo monga timachitira kuno, tinagwirizana zokumana kunyumba kwa azakhali kuti tisonkhe ndalama yotumizira thupi kumudzi. Amene muli kunja mukudziwa mmene zimakhalira. Tiimba nyimbo ziwiri zitatu, abusa apemphera, kenako wina atenga kope n'kumalemba mayina ndi zimene aliyense wapereka, wina ali pafoni kuwerenga ndalama zobwera pa Zelle, njira yotumizira ndalama pafoni, kuchokera kwa anzathu amene ali ku shifiti.

Azakhaliwa si amagazi. Ndi mayi wa ku Ntcheu amene analandira ambiri a ife titangofika, ndipo aliyense amangowaitana choncho. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, ali ndi green card, chilolezo chokhazikika ku America, koma unzika sanatengebe.

Nkhani ya ndalama itatha tinadya nsima, anthu n'kuyamba kutsazika. Mwana wawo wamkazi, wobadwira konkuno, amene ali ku koleji, anali patebulo la kukhitchini ndi laputopu yake. Dzulo lake, Lachisanu, House ya Indiana, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za state imeneyi, inali itavomereza mapu atsopano a madera osankhira aphungu opita ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, ndipo mtsikanayo anali kuwayang'anitsitsa, akulitse apa, achepetse apo. Kenako anaitana mayi ake.

"Amayi, tabwerani muone. Nyumba yathu ndi iyi. Tchalitchi chanu chili uku, mtundu wake ndi wina. Kuntchito kwanu ndi uko, mtundu winanso. Mapu awa akangodutsa, malo atatu amenewa akhala ndi aphungu atatu."

Azakhali anapukuta manja pachitenje, n'kuvala magalasi, n'kuwerama. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Indianapolis, mzinda umene mbali yake yaikulu ili m'dera limodzi, anali ataung'amba panayi, chidutswa chilichonse atachimangirira ku midzi ndi minda yakutali. Atadzutsa mutu anafunsa kuti, "Nanga ofesi ija ndinapita nthawi ya mapepala a bambo ako, ikhala ya ndani?"

Nkhani ya ofesiyo ambiri tinkaidziwa. Mapepala a amuna awo anakhala nthawi yaitali osayenda, osamva kanthu, mpaka munthu wina kutchalitchi anawauza kuti apite ku ofesi ya phungu wa dera lawo. Anapita ndi mantha, poganiza kuti afunsidwa ngati amavota. Anangofunsidwa adiresi. Anasayina fomu yololeza ofesiyo kufunsa m'malo mwawo, ndipo ngakhale kuti ofesiyo sinali ndi mphamvu yogamula, patapita milungu anauzidwa pamene fayilo inali ndi chimene chinkayembekezeredwa. Kwa munthu amene wakhala akugona osadziwa, yankho lotere ndi lalikulu.

Bambo wina amene anali kuvala jekete pakhomo anati, "Azakhali, zisiyeni zimenezo, ndi za eni dziko."

Azakhali sanakweze mawu. "Achimwene, kalembera wa 2020 anandiwerenga kapena sanandiwerenge? Ngati anandiwerenga, ndiye kuti pa mpando umenewo pali mutu wanga."

Msewu wonse wa US 31 pobwerera, mawu amenewa sanachoke m'mutu mwanga, ndipo ndi amene andilembetsa nkhaniyi.

## Mitu yathu ili m'chiwerengero

Azakhali ananena zoona, ndipo ndi zoona za m'malamulo. Kalembera wa ku America amawerenga aliyense wokhala m'dzikomo, kaya ndi nzika, kaya ali ndi green card, kaya ndi wophunzira, kaya mapepala ake anatha. Mu 2020 Indiana inapezeka ndi anthu pafupifupi 6.8 miliyoni, ndipo chiwerengero chimenecho ndi chimene chinaipatsa mipando 9 mwa mipando 435 ya House ku Washington. Dera lililonse lili ndi anthu pafupifupi 750,000. M'kati mwa anthu amenewo muli iwe ndi ine, ndi mwana wako wakhanda, ndi mlamu wako amene akudikira mapepala. Sitivota tonse, koma tonse tinathandiza kupanga mpandowo.

Pa 3 November 2026 mipando yonse 9 ili pa chisankho, monga zimakhalira zaka ziwiri zilizonse. Mu 2026 Indiana sikusankha seneta wopita ku Washington, sikusankhanso bwanamkubwa, choncho mpikisano wa aphungu a Congress ndi umene uli pamwamba pa pepala. Koma chimene ndaona n'chakuti zambiri za chisankho cha November zimakhala zitagamulidwa kale November asanafike, ndipo zimagamulidwira malo awiri: patebulo pamene amajambula malire, ndi pa zisankho zachipulula za mwezi wa May.

## Amene agwira cholembera

Kwathu, pamene madera anachoka pa 193 kufika pa 229 chisankho cha pa 16 September 2025 chisanachitike, ntchito yodula malire inali ya MEC. Panali madandaulo, monga sizilephera, koma Nyumba ya Malamulo inangovomereza, siyo inajambula. Ku Indiana n'zosiyana. Amene amajambula madera a Congress ndi andale enieniwo, a m'nyumba ya malamulo ya state, House ya anthu 100 ndi Senate ya anthu 50, kenako bwanamkubwa amasayina. Chipani chimene chili ndi anthu ambiri m'nyumbamo ndi chimene chimagwira cholembera. Mapu amene tikugwiritsa ntchito panopa anajambulidwa mu 2021 ndipo anasayinidwa ndi bwanamkubwa wa nthawi imeneyo, Eric Holcomb. Amapereka mipando 7 kwa a Republican ndi iwiri kwa a Democrat.

Mwachizolowezi ntchitoyi imachitika kamodzi pa zaka khumi, kalembera akangotha. Mu 2025 chizolowezicho chinasweka. Pulezidenti Donald Trump anapempha ma state olamulidwa ndi chipani chake kuti ajambulenso nthawi isanakwane, ndipo Texas inayamba, ndi mapu ofuna kuwonjezera mipando isanu. California inabwezera mu November kudzera mu Proposition 50, voti imene anthu anavomereza mapu okomera a Democrat. Missouri ndi North Carolina nawo anajambula. Indiana inauzidwa kuti 7 ndi 2 sizikukwana, pakufunika 9 yonse. Wachiwiri kwa pulezidenti, JD Vance, anabwera ku Indianapolis kawiri, mu August ndi mu October, ndipo bwanamkubwa Mike Braun anaitanitsa mkumano wapadera. House inavomereza ndi mavoti 57 kwa 41. Amenewo ndi mapu amene anali palaputopu ija.

Kachitidwe kake sikovuta kumvetsa. Tengani mchere wokwana mphika umodzi wa ndiwo, muugawe m'miphika inayi ikuluikulu. Mchere wonse ulipo, palibe amene wautaya, koma palibe mphika umene ukumveka. Anthu a mumzinda wa Indianapolis akanavotabe monga kale, mavoti awo akanawerengedwa onse bwinobwino, koma m'dera lililonse mwa anayiwo akanachepa poyerekeza ndi a kumidzi. Mu 2024 anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse ku Indiana anavotera Kamala Harris wa Democrat pa mpando wa pulezidenti. Pa mapu atsopanowo anthu onsewo akanakhala opanda phungu ngakhale mmodzi wa mbali yawo.

Ndisaoneke ngati ndikuloza chala mbali imodzi. Dumphani malire mulowe ku Illinois, mupeza a Democrat anachita zomwezo, anadzijambulira mipando 14 pa 17. Ndipo khoti lalikulu la dziko lino linanena kale mu 2019, pa mlandu wa Rucho, kuti makhoti a federal sangalowerere ngati dandaulo lili longoti malire akukondera chipani. Choncho wokaniza amakhala mmodzi yekha, wandale yemwe wagwira cholemberayo, ngati ali ndi manyazi kapena ngati anthu ake amuuza kuti ayi.

## Lachinayi madzulo, m'galimoto

Pa 11 December 2025 ndinali ndi shifiti yamadzulo kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Ndinafika msanga, ndinaimika galimoto pakona, injini osazimitsa chifukwa cha kuzizira, foni n'kuiyedzamira pachiwongolero. Senate ya Indiana inali ikukambirana, ndipo zonse zinkaonetsedwa pa intaneti. Panja pa chipindacho pankamveka anthu akufuula.

Pamapepala zinkaoneka ngati zatha kale. A Republican ali ndi mipando 40 pa 50 mu Senate imeneyo. Pulezidenti wa chipani chawo anali atalankhula, bwanamkubwa wa chipani chawo anali atalankhula, House ya chipani chawo inali itavomereza. Trump anali atanena poyera kuti aliyense wokana adzamupezera wopikisana naye pa chipulula. Ena zinafika mpaka pakhomo. Seneta Greg Goode wa ku Terre Haute, munthu wina anaimbira apolisi zabodza kuti kunyumba kwake kwachitika zoopsa, apolisi n'kufika ndi zida banja lake lili m'nyumba. Sanali yekha, maseneta angapo anaopsezedwa m'milungu imeneyo. Mike Bohacek, wa kufupi ndi Michigan City, amene ali ndi mwana wamkazi wa Down syndrome, ananena poyera kuti akana, pulezidenti atagwiritsa ntchito mawu onyoza anthu olumala pa wandale wina. Mtsogoleri wawo, Rodric Bray, anali atachenjeza kuyambira November kuti mavoti sakukwana, koma ambiri tinkaganiza kuti ikafika nthawi yodina batani, mantha adzagwira ntchito yake.

Nthawi yodina itafika, bolodi inayamba kuyaka, mayina ena obiriwira, ena ofiira. Ndinayandikitsa foni kumaso. Ofiira ankangochuluka. Pomaliza panali 19 ovomera, 31 okana. A Democrat onse 10 anakana, zomwe aliyense ankayembekezera, koma pamodzi nawo panali a Republican 21, oposa theka la chipani chawo m'chipindamo.

Ndinaimbira azakhali ndisanatsike. Anali kukhitchini, ndinkamva madzi akutuluka pampopi.

"Azakhali, akana."

"Akana ndani?"

"Maseneta aja. Mapu aja sanadutse."

Anatseka mpopi. "Ndiye ofesi ija ikhalapo?"

"Ikhalapo, azakhali. Pakadali pano."

"Zikomo Ambuye. Pita kuntchito, usachedwe."

Sindikufuna kuwasandutsa angelo anthu 21 amenewa. Nyumba yomweyo ndi imene mu 2021 inachotsa kumpoto kwa Indianapolis m'dera lachisanu n'kukuunjika m'dera lachisanu ndi chiwiri, pofuna kuti mpando wa Victoria Spartz wa Republican, umene mu 2020 anaupeza movutikira polimbana ndi Christina Hale, usadzavutenso. Cholembera amachidziwa bwino. Koma madzulo amenewo ambiri a iwo anapereka chifukwa chimodzimodzi, chakuti anthu a m'madera mwawo sakuzifuna, amawaimbira foni, amawalembera, amawauza kusitolo ndi kutchalitchi. Ndi pamene ndinaona kuti tsogolo la mipando 9 ya ku Washington linali m'manja mwa anthu 50 amene ambiri a ife sitingawatchule ngakhale dzina limodzi, ndipo anthu 50 amenewo amamva foni ikalira.

## Madera ake ali motere

Popeza mapu atsopano anakanidwa, chisankho cha November 2026 chili pa malire omwe aja a 2021.

Ndiyambe ndi langa, dera lachiwiri. Muli South Bend, Mishawaka, Elkhart ndi Goshen, komanso midzi yambiri kummwera kwake. Amalawi tilimo ochuluka ndithu, ena m'nyumba zosamalira okalamba, ena m'zipatala, ena m'mafakitale opanga ma RV, magalimoto okhala ngati nyumba, ku Elkhart. Mzinda wa South Bend pawokha umavotera a Democrat, ndi kumene Pete Buttigieg anali meya kuyambira 2012 mpaka 2020. Koma mzindawo wazunguliridwa, ndipo dera lonse likaphatikizidwa limapita kwa a Republican mosavuta. Sizinali choncho nthawi zonse. Joe Donnelly wa Democrat anapambana kuno mu 2006, 2008 ndi 2010, ulendo womalizawo atapulumukira pang'ono kwa Jackie Walorski wa Republican. Malire atasunthidwa mu 2011, Donnelly anaona mmene zinalili n'kukapikisana pa mpando wa Senate ya ku Washington, Walorski n'kutenga dera mu 2012. Mayiyo anakhalapo mpaka pa 3 August 2022, tsiku limene anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Elkhart County pamodzi ndi awiri ogwira ntchito mu ofesi yake. Amene analowa m'malo ndi Rudy Yakym, ndipo mu 2024 anapeza mavoti opitirira 60 pa 100. Ndikamamva anzanga a ku South Bend akuti kuvota kuno n'kungotaya nthawi, ndimamvetsa kumene akuchokera. Ndimangowakumbutsa kuti dera lomweli linasintha manja m'nthawi imene ambiri a ife tinali titafika kale.

Dera loyamba ndi limene aliyense akuliyang'ana. Lili kumpoto chakumadzulo, m'mbali mwa nyanja ya Michigan, kumene kuli Gary, Hammond ndi mafakitale a zitsulo. Amatsata nthawi ya Chicago, ola limodzi kumbuyo kwa ife. Lakhala la a Democrat kuyambira m'ma 1930, ndipo Pete Visclosky yekha analigwira kuyambira 1985 mpaka 2021. Panopa kuli Frank Mrvan, koma masiku opambana mosatuluka thukuta anapita. Mu 2022 Jennifer-Ruth Green anamupanikiza, ndipo ulendo umenewo komanso mu 2024 anapambana ndi mavoti pafupifupi 53 pa 100. Ogwira ntchito m'mafakitale, amene makolo awo ankavotera Democrat osaganiza kawiri, ambiri asunthira kwa Trump. Mapu okanidwa aja ankafuna kulimaliza derali polisakaniza ndi midzi. Popeza zinakanika, a Republican ayenera kulilimbirana ndi mavoti, ndipo m'mene ndikuonera, umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Ngati muli ndi m'bale ku Merrillville, Portage kapena Michigan City amene ali nzika, voti yake mu November ndi yolemera kuposa ya wina aliyense mu state muno.

Lachisanu ndi chiwiri ndi la azakhali, Indianapolis. André Carson wakhalapo kuyambira 2008, pamene analowa m'malo mwa agogo ake aakazi, Julia Carson, atamwalira. Anali Msilamu wachiwiri kusankhidwa kupita ku Congress. M'dera limeneli wa Democrat akangodutsa chipulula, November amakhala ngati mwambo chabe.

Otsalawo ndi a Republican, ndipo ndingowatchula. Ku Fort Wayne, dera lachitatu, kuli Marlin Stutzman, amene anabwereranso Jim Banks atapita ku Senate. Lachinayi, kumene kuli Lafayette, ndi la Jim Baird. Lachisanu ndi la Spartz, wobadwira ku Ukraine, mlendo mnzathu amene anafika mpaka ku Congress. Lachisanu ndi chimodzi ndi la Jefferson Shreve, lachisanu ndi chitatu ku Evansville ndi la Mark Messmer, lachisanu ndi chinayi, kumene kuli Bloomington, ndi la Erin Houchin.

La ku Evansville lili ndi mbiri yoyenera kuidziwa. Linkatchuka ndi kugwetsa aphungu, ndipo chisankho chake cha 1984 chinatha ndi kusiyana kwa mavoti anayi okha, Frank McCloskey n'kupatsidwa mpando atawerenganso ku Washington. Chisankho cha 2006 chitatha, a Democrat anali ndi mipando isanu pa 9 ya Indiana. Sindikunena kuti malire okha ndi amene anasintha zonsezi, chifukwa anthu a kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono anasinthadi maganizo. Koma malire anabwera pambuyo n'kukhomera zimene zinasinthazo kuti zisabwererenso.

## Zikutikhudza pati?

Funso la bambo uja wa jekete ndi limene ambiri ali nalo mumtima. Ndiyankhe ndi zinthu zimene zafika kale m'thumba mwathu.

Pa 22 May 2025, House ya ku Washington inadutsitsa bilu yaikulu ya misonkho ndi mavoti 215 kwa 214. Voti imodzi. Aphungu 7 a Republican a Indiana anavomera, awiri a Democrat anakana. M'biluyo munali msonkho wa pa ndalama zotumiza kunja, umene poyamba ankati ukhale 5 pa 100, House n'kuutsitsira pa 3.5, ndipo pomaliza unakhala 1 pa 100. Unayamba kugwira ntchito pa 1 January 2026. Umakhudza wotumiza ndi kashi, money order kapena cheke cha cashier, pamene wotumiza kuchokera ku akaunti ya banki kapena pa khadi sakhudzidwa. Pa $500 ndi $5, wina anganene kuti n'zochepa. Koma taganizani amene amaima pakauntala ndi kashi m'manja mwezi ndi mwezi. Kawirikawiri ndi uja alibe akaunti, wongofika kumene, amene ndalama yake ikudikiridwa ndi fizi ya ana ndi feteleza kumudzi.

Bilu yomweyo inadula kwambiri ndalama za Medicaid, thandizo la boma lolipirira chipatala anthu opeza zochepa. Ife ogwira ntchito yosamalira okalamba timadziwa kuti ambiri mwa agogo amene timawasambitsa ndi kuwadyetsa amalipiriridwa ndi Medicaid. Ndalama imeneyo ikachepa, zimaonekera pa chiwerengero cha anthu pa shifiti ndi pa maola athu.

Mu July 2025 House ya ku Washington inavomereza, ndi mavoti 216 kwa 213, kubweza ndalama pafupifupi $9 biliyoni zimene zinali zitavomerezedwa kale, zambiri mwa izo za thandizo la mayiko akunja. Ndalama za PEPFAR, pulogalamu ya America yolimbana ndi Edzi, zokwana $400 miliyoni zinapulumuka chifukwa maseneta ena a ku Washington anakana kuzidula. Aliyense amene ali ndi m'bale wolandira ma ARV kwathu sakufunika kuuzidwa tanthauzo lake. Nkhani ya chikole cha visa chofika $15,000, chimene Malawi ndi Zambia anali oyamba kuikiridwa mu August 2025, sinachokere ku Congress, inachokera ku boma. Komabe amene ali ndi mphamvu yoitana nduna kuti ifotokoze, ndi yogwira thumba la unduna umenewo, ndi aphungu omwewa. Pamene zinthu zikudutsa ndi voti imodzi kapena zitatu, mipando iwiri ya Indiana si nkhani ya eni dziko okha ayi.

Pali chinthu chimene chimandipweteka. Mu September 2025 tinachezera usiku wonse pa WhatsApp kutsatira zotsatira za kwathu, dera ndi dera, kutumizirana zithunzi za mapepala a m'malo oponyera voti, chonsecho tili kuno sitiloledwa kuvota pa chisankho chimenecho. Chidwi chimenecho n'chabwino, ndipo sindikufuna chithe. Ndikungolakalaka chikanakhalaponso pa dera limene tikugona, kumene ana athu akuphunzira, kumene ambiri a ife tili ndi ufulu wonse woponya voti.

## Pa 5 May

M'madera asanu ndi atatu mwa 9, aliyense akudziwa kale chipani chimene chili ndi mwayi waukulu mu November. Chosadziwika ndi munthu wake, ndipo ameneyo amasankhidwa pa chipulula, Lachiwiri pa 5 May 2026. Anthu amene amapita kukavota tsiku limenelo ndi ochepa zomvetsa chisoni. Mu 2022 ndi mu 2024 sanafike ngakhale mmodzi pa anthu asanu alionse olembetsa. Ndiye kuti kagulu kochepa ndi kamene kamasankhira anthu 750,000 phungu. Kumene anthu ovota ali ochepa choncho, mpingo umodzi kapena gulu limodzi la anthu ochokera dziko limodzi limaoneka.

Ku Indiana polembetsa safunsa chipani. Ukafika pamalo oponyera voti pa chipulula umanena wekha kuti ukufuna pepala la chipani chiti, n'kuvota pa limenelo lokha. Kulembetsa kumatsekedwa masiku 29 chisankho chisanachitike, choncho wofuna kuvota mu May akhale atalembetsa pofika pa 6 April 2026, ndipo amene anasamuka asinthe adiresi. Tsamba la boma la indianavoters.in.gov limakuuza ngati dzina lako lilipo, dera lako, ndi mayina a amene akukuimira. Pamafunika chiphaso chokhala ndi chithunzi, choperekedwa ndi state ya Indiana kapena boma la America, monga laisensi kapena pasipoti ya kuno. Malo oponyera voti amatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo, nthawi yovuta kwambiri kwa munthu wa shifiti ya maola 12. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuvota msanga, kumene kumayamba pafupifupi mwezi wathunthu tsikulo lisanafike.

Apa ndilankhule mosapsatira, chifukwa nkhani iyi yaliritsa mabanja. Ngati simuli nzika, musalembetse ndipo musavote, ngakhale wina akuuzeni kuti green card ikukwana. Mukapita kukatenga laisensi n'kupatsidwa fomu yofunsa ngati ndinu nzika, werengani bwino musanachonge. Kunena kuti ndiwe nzika usali, kapena kuvota usali nzika, ndi mlandu umene ungakuthamangitse m'dziko muno n'kukutsekera khomo mpaka kalekale. Palibe phungu amene ali woyenera kutayira mapepala anu.

Koma amene sali nzika sanamangidwe pakamwa. Akhoza kuimbira ofesi ya phungu kapena ya seneta wa state, kupereka adiresi yake n'kunena maganizo ake, monga anachitira anthu ambirimbiri mu December. Akhoza kupita ku misonkhano imene aphungu amachititsa m'madera. Akhoza kugwirira mnzake shifiti kuti akavote, kumusungira ana, kapena kumunyamula pagalimoto. Wa green card amaloledwanso kupereka ndalama kwa wopikisana, pamene wa visa ya sukulu kapena ya ntchito saloledwa. Ana athu obadwira kuno amene akwanitsa zaka 18 pofika November ali ndi ufulu wonse, ndipo ambiri a iwo sanalembetse chifukwa palibe anawakumbutsa kunyumba.

Mukalandira pepala pa 5 May musathere pa dzina la wopita ku Washington. Tsikani m'munsi. Mipando yonse 100 ya House ya Indiana ili pa chisankho mu 2026, pamodzi ndi theka la mipando 50 ya Senate, ndipo ena mwa maseneta amene anakana aja akupikisana ndi anthu amene abwera kudzawalanga chifukwa cha voti imeneyo. Kaya mukugwirizana ndi okanawo kaya ndi ovomerawo, dziwani dzina la wanu ndi batani limene anadina. Mapu amene anagwa mu December akhoza kubweranso nyumba ya malamulo ikakumana mu 2027, chisankho cha 2028 chisanafike, ndipo ambiri mwa amene adzawavomereze kapena kuwakana ndi omwe mayina awo ali pa pepala la mwezi wa May.